Kodi Wamtengatenga wa pa Foni Tingamkhulupirire?

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja, pa nthawi ya anchito a kumigodi ndi anthu a m'matauni

  

Madzulo ano ndifuna kuyankha funso limene latifika kucokera kwa mnzathu wina wogwira nchito pa mgodi. Dzina lace sindichula, pakuti nkhani yace yomwe ndi ya cinsinsi. Iye ati masiku onse alankhula pa WhatsApp ndi mkazi wace amene ali kumudzi ku Petauke. Auzana za ndalama, za ngongole ya kaloba imene yamkola, za cifuwa cimene ciri kumsautsa, ndi za mantha ace kuti kapena nchito idzatha. Tsono afunsa kuti, kodi mau amenewa afika kwa mkazi wace yekha, kapena alipo wina pakati amene awamva ndi kuwasunga? Ndipo makampani amene atipatsa zinthu izi kwaulere, kodi tingawakhulupirire?

Funso ili ndi labwino ndithu, koma siliyankhika ndi liu limodzi. Tiyeni tiyende nalo pang'ono pang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kalata ya Makolo Athu

Tiyambe ndi zakale. Pamene migodi ya mkuwa inayamba kukula, ca m'ma 1930, amuna ambiri anacoka kum'mawa kudzagwira nchito kumigodi, ndipo ambiri a iwo sanadziwe kulemba. Munthu akafuna kutumiza mau kumudzi, anapita kwa mnyamata wophunzira ku misyoni, namlipira kandalama, namuuza zonse za mumtima mwace. Kalata ija inayenda ndi positi, kapena ndi mnzace wobwerera kwao. Itafika kumudzi, mphunzitsi kapena kalaliki wa mfumu anaiwerenga pamaso pa mkazi. Cotero cinsinsi ca anthu awiri cinapita m'manja mwa anthu ena atatu: wolemba, wonyamula ndi wowerenga.

Makolo athu sanali opusa. Anasankha wolemba amene anamdziwa kwao ndi mtundu wace. Akaulula cinsinsi, anadziwa kokamsumira, ndipo manyazi anafika mpaka kwa amace. Anadziwanso kuti nkhani zina sizilembedwa m'kalata, nazisunga m'mtima kufikira tsiku lobwerera kumudzi.

Lero tidziwa kulemba tokha, ndipo amene sadziwa angolankhula m'foni, mau napita. Cifukwa cace tiyesa kuti anthu atatu aja anacoka onse. Wolemba ndi wowerenga anacokadi, koma wonyamula akalipo. Tsopano si mnzathu wokwera basi ya ku Chipata iai. Ndi kampani yaikuru ya ku California, m'dziko la America, imene mudzi wace sitiudziwa, ndi amace sitingawapeze.

Mwini Wace Ndani, Ndipo Adya Ciani?

WhatsApp anaiyamba amuna awiri, Jan Koum ndi Brian Acton, m'caka ca 2009. Poyamba anali kulipiritsa dola imodzi pa caka m'maiko ena, nanena poyera kuti safuna zotsatsa malonda. M'caka ca 2014 kampani ya Facebook, imene mkuru wace ndi Mark Zuckerberg, inalengeza kuti yagula WhatsApp ndi madola mabiliyoni 19. Inali itagula kale Instagram m'caka ca 2012, ndipo m'caka ca 2021 inasintha dzina lace nikhala Meta. Cotero Facebook, Messenger, Instagram ndi WhatsApp ndi ana a nyumba imodzi.

Munthu wanzeru adzafunsa kuti, wogula cinthu ndi cuma cotere, nacipereka kwa anthu kwaulere, abweza bwanji ndalama zace? Ndalama zimene mulipira pogula intaneti sizipita kwa Meta. Zipita kwa kampani ya mafoni ya kuno kwathu. Yankho ndi ili: m'caka ca 2023 Meta inalandira madola pafupifupi mabiliyoni 135, ndipo pa madola 100 ali onse, oposa 97 anacokera kwa otsatsa malonda. Wogulitsa nsapato salipira kuti nsapato zace zionetsedwe kwa munthu ali yense. Alipira kuti zionetsedwe kwa mwamuna wa zaka 30, wokhala ku Kitwe, wokonda mpira. Kampani simpatsa dzina lanu, koma imgulitsa njira yofikira pamaso panu. Ndipo kuti njira imeneyo ikhale ya mtengo, kampani iyenera kukudziwani bwino.

Sindinena kuti uku ndi kuba. Ndi malonda, ndipo ife tonse tipindula nazo zinthu izi: mwana wa ku Johannesburg aona nkhope ya amace ali ku Katete, ndi uthenga wa maliro ufika tsiku lomwelo. Koma akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyenera kuung'amba mkuyuwo tione.

Za M'kati mwa Kalata

Kodi mau amene mnzathu auza mkazi wace, kampani iwamva? Pano ndiri ndi mau okondweretsa. Kuyambira mwezi wa Epulo 2016, mauthenga a pa WhatsApp ayenda otsekedwa mwa njira imene m'Cingerezi aicha end-to-end encryption, ndiko kunena kuti atsekedwa pocoka, natseguka pofika pokha.

Yerekezani cotere. Foni ya mkazi wanu isula loko ndi cifungulo cace. Loko uja itumiza kwa inu ali wotseguka, koma cifungulo cikhala m'foni momwemo, sicituruka konse. Inu muika kalata m'bokosi lacitsulo, mukhoma ndi loko uja, nimupereka bokosilo kwa wamtengatenga. Iye angaligwedeze, angayese kulemera kwace, koma kulitsegula sangathe, pakuti cifungulo alibe. Zoona, m'foni mulibe wosula zitsulo. Loko ndi cifungulo ndi masamu okha okha, amene asanduliza mau anu akhale ziwerengero zopanda tanthauzo, ndipo zifungulozo zisinthika pa uthenga uli wonse. Njira imeneyi si ya Meta. Inapangidwa ndi anthu amene anapanga pulogalamu ina yochedwa Signal, ndipo akatswiri a masamu a m'maiko ambiri aiyesa naipeza yolimba.

Cotero mau olembedwa, zithunzi, mau ojambulidwa ndi kuimbirana komwe, zonsezi kampani siziwerenga pa njira, ndi kampani ya mafoni siziwerenganso. Koma cenjerani, si njira zonse ziri ndi loko. Uthenga wamba wa SMS uyenda monga khadi lopanda envulopu. Zimene mulemba pa tsamba lanu la Facebook ziri ngati kupfuula pamsika wa Chisokone. Ndipo Messenger inayamba kukhoma makalata a anthu awiri mwa iyo yokha m'mwezi wa Disembala 2023. Isanafike nthawiyo, munthu anayenera kusankha yekha kuti akhomedwe.

Za Kunja kwa Envulopu

Tsono cherani khutu, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Kalata iri yonse iri ndi envulopu, ndipo wamtengatenga ayenera kuiwerenga kuti adziwe kopita. Pa envulopu ya WhatsApp palembedwa zambiri koposa za pa envulopu ya positi. Kampani ibvomera yokha m'malamulo ace kuti isunga nambala yanu, dzina limene mwaika, mtundu wa foni yanu, nthawi imene mutsegula pulogalamu ndi kutalika kwa nthawi imene mukhalamo, maina a magulu amene mulimo, ndi nambala ya intaneti imene isonyeza dera limene muli. Mukailola kuona buku la manambala la m'foni mwanu, iona manambala a anthu amene munawasunga.

Wina adzati, nanga zimenezo ziri ndi kanthu, malinga mau anga sawamva? Taonani. Munthu walankhula katatu tsiku limodzi ndi nambala ya sing'anga wa cipatala. Pambuyo pace walankhula nthawi yaitali ndi mkazi wace, ndiye ndi mbale wace wamkuru, ndipo pakati pa usiku walembera wobwereketsa ndalama. Simunamve liu ndi limodzi lomwe, koma nkhani yace mwaidziwa kale. Kapena kumbukirani caka ca 1935, pamene anchito ananyanyala nchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya. Akadakhalapo munthu wosunga buku lakuti usiku wakuti uje analankhula ndi uje, akadadziwa atsogoleri onse wosafunsa munthu.

Buku lotere lero liripo, ndipo maboma alifuna. Cikalata cina ca apolisi a ku America ochedwa FBI, cimene cinaululika m'caka ca 2021, cinasonyeza kuti bwalo la milandu likalamula, WhatsApp itha kuwauza pa mphindi 15 ziri zonse kuti munthu amene ali kumlonda walemberana ndi yani, ngakhale mau eni ace sawaona. Ndipo kuno kwathu nambala ndi dzina, pakuti SIM khadi iri yonse ilembedwa m'dzina la mwini wace ndi nambala ya khadi lace la NRC.

Malonjezo ndi Zimene Zinatsata

Popeza envulopu iri m'manja mwa kampani, cotitsalira ndi lonjezo lace lakuti siidzacita nayo zoipa. Tiyeni tione mbiri ya malonjezo amenewa.

Pa nthawi ya kugula kuja, m'caka ca 2014, eni ace a WhatsApp anauza anthu kuti palibe cidzasinthika. Facebook inauzanso akuru a bungwe la maiko a ku Ulaya kuti singathe kulumikiza mosalakwa nambala ya munthu ya pa WhatsApp ndi tsamba lace la pa Facebook. Patapita zaka ziwiri, m'mwezi wa Ogasiti 2016, WhatsApp inalengeza kuti idzayamba kupereka manambala a anthu kwa Facebook. Akuru a ku Ulaya atafufuza anapeza kuti njira yolumikizira inalipo kale m'caka ca 2014, ndi kuti anchito a Facebook anaidziwa. Ndipo m'mwezi wa Meyi 2017 anailipiritsa mayuro mamiliyoni 110. Amuna awiri oyambitsa aja anacokamo, Acton m'caka ca 2017 ndi Koum m'caka ca 2018.

Ambiri a inu mukumbukira mwezi wa Januwale 2021, pamene m'mafoni mwathu munaturuka mau akuti tibvomere malamulo atsopano lisanafike tsiku la 8 Febuluwale. Anthu a m'maiko ambiri anakwiya, mamiliyoni nathamangira ku Signal ndi ku Telegram, kufikira kampani inasuntha tsikulo kukhala 15 Meyi. M'mwezi wa Seputembala caka comweco, boma la Ireland linalipiritsa WhatsApp mayuro mamiliyoni 225 cifukwa ca kusafotokozera anthu momveka zimene icita ndi mbiri yao. Kuno ku Afrika, bungwe loteteza ogula la ku Nigeria linagamula m'mwezi wa Julaye 2024 kuti Meta ilipire madola mamiliyoni 220 pa milandu yofanana ndi imeneyi. Ndipo m'mwezi wa Juni 2025 kampani inalengeza kuti zotsatsa malonda, zija oyambitsa anazikana, ziyamba kuoneka pa malo a Status.

Sinditi anthu a m'kampani ndi abodza onse. Cimene tiphunzira ndi ici, kuti lonjezo la kampani ndi lonjezo la mwini wa lero. Mawa kampani igulitsidwa, kapena mkuru wace asinthika, kapena eni ndalama afuna phindu loposa, ndipo lonjezo lija lilembedwanso mwatsopano. Inu mudzangoona mau ambiri a Cingerezi m'foni, ndi kabatani kakuti mubvomere.

Mnzanu Atha Kukuperekani Osadziwa

Iripo nkhani ina ya Facebook imene iyenera kukumbukika. M'caka ca 2014 mphunzitsi wina wa pa sukulu yaikuru ya Cambridge ku Mangalande, dzina lace Aleksandr Kogan, anapanga kapulogalamu ka mafunso oyesa khalidwe la munthu. Anthu ngati 270,000 anakalowa, nabvomera kuti katenge mbiri yao. Koma malamulo a Facebook a nthawi ija analola kuti katengenso mbiri ya abwenzi ao, amene sanafunsidwe konse. Motero mbiri ya anthu ofika mamiliyoni 87, monga Facebook inawerengera yokha, inatengedwa, ndipo yambiri inapita kwa kampani ya Cambridge Analytica, imene nchito yace inali kuthandiza andale kukopa anthu pa masankho. Kampani imeneyi inagwira nchito pa masankho a ku America a 2016, ndi a ku Kenya a 2013 ndi 2017.

Nkhaniyi inamveka dziko lonse m'caka ca 2018, pamene Christopher Wylie, amene anagwirako nchito, anaiulula kwa olemba nyuzipepala. Zuckerberg anapepesa pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku America m'mwezi wa Epulo caka comweco, ndipo m'mwezi wa Julaye 2019 boma la America linalipiritsa Facebook madola mabiliyoni 5. Koma pepani sapoletsa cilonda. Ndalamazo zinapita ku boma, ndipo mbiri ya munthu ikaturuka sibwerera m'thumba. Cinanso cinaoneka m'mwezi wa Epulo 2021, pamene maina ndi manambala a foni a anthu mamiliyoni 533 a pa Facebook, a m'maiko 106, anapezeka atamwazidwa pa intaneti kuti ali yense atole. Nkhokwe ikakula, mbala ndi makoswe sizisowa.

Nanga Amtengatenga Ena?

Anthu ena ati, ine ndinasamukira ku Telegram, ndapulumuka. Tifunse bwino. Telegram anaiyamba Pavel Durov ndi mbale wace, a ku Russia, m'caka ca 2013. Makalata wamba ndi a m'magulu a pa Telegram asungidwa m'makompyuta a kampani, ndipo cifungulo ciri ndi kampani yomweyo. Okhomedwa kucokera kwa wolemba kufikira kwa wolandira ndi okhawo ochedwa Secret Chat, amene munthu ayenera kuwasankha yekha. Zaka zambiri kampaniyi inachuka ndi kukaniza maboma. Koma m'mwezi wa Ogasiti 2024 Durov anamangidwa ku France, ndipo mwezi wotsatira Telegram inalengeza kuti idzapereka nambala ya foni ndi ya intaneti ya munthu woganiziridwa mlandu, ngati a boma aifuna mwa lamulo. Mwini cifungulo angakhale wolimba mtima cotani, ali ndi thupi, ndipo thupi limangika.

Signal iyenda mosiyana. Mwini wace ndi bungwe losafuna phindu, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2018 ndi madola mamiliyoni 50 ocokera kwa Brian Acton, yemwe uja anacoka ku WhatsApp. Siitsatsa malonda, ndipo mapangidwe ace alembedwa poyera kuti katswiri ali yense awafufuze, pamene a WhatsApp ali obisika. M'caka ca 2016 bwalo la milandu la ku Virginia, ku America, linalamula eni Signal kuti apereke zonse zimene anali nazo za manambala ena. Anamvera lamulo, napereka zonse, ndipo zonsezo zinali ziwiri zokha: tsiku limene munthu analembetsa, ndi tsiku lomariza limene foni yace inalumikizika. Maina a abwenzi ace analibe, magulu ace analibe, buku la amene analankhula naye analibe.

Pamenepa ndipo pali muyeso umene ndifuna kuti mutenge madzulo ano. Cimene kampani sinasunge, singacigulitse, singacipereke kwa boma, ndi mbala singacibe. Cotero pofuna kudziwa ngati wamtengatenga ali wokhulupirika, musafunse cimene walonjeza. Funsani cimene ali naco m'manja. Lonjezo lisinthika ndi mwini, koma dzanja lopanda kanthu silipereka kanthu. Sinditi Signal iribe cilema: ifuna nambala ya foni polembetsa, ikhalira mphatso za anthu, ndipo ikhala yacabe kwa inu ngati mkazi wanu ndi abale anu alibe.

Ziboo za Pafupi ndi Kwathu

Kunena zoona, zinsinsi zambiri za anthu a m'komboni siziululika ku California. Ziululika pakhomo pomwe. Loko uja ateteza kalata pa njira pokha. Ikafika, itseguka, ndipo ali yense wogwira foniyo aiwerenga. Foni yopanda nambala yotsekera, yosiyidwa m'nyumba yosinthira zobvala pa mgodi, kapena kwa wokonza mafoni pamsika, kapena yobwerekedwa kwa mnansi kumudzi, iri ngati sutukesi yopanda loko.

Ciboo caciwiri ndi kope la makalata limene foni itumiza kukasungidwa ku Google Drive kapena ku iCloud, kuti musataye nkhani zanu pogula foni yatsopano. Zaka zambiri kope limeneli linalibe loko wa mtundu uja. Kuyambira mwezi wa Okutobala 2021 WhatsApp ilola kulikhoma, koma muyenera kulowa m'makonzedwe a pulogalamu ndi kusankha nokha.

Cacitatu ndi magulu. Gulu limodzi la pa WhatsApp litha kukhala ndi anthu 1,024. Loko alipo ndithu, koma onsewo ali ndi cifungulo. Mukadandaula za malipiro kapena za kapitao m'gulu la anchito anzanu, munthu mmodzi yekha ajambula mauwo nawatumiza kumene simunafune. Ndiponso wina akakunenezani kwa kampani, mauthenga anu asanu omariza amene munamtumizira apita kwa kampani ali otseguka.

Cacinai ndi akuba amene atumiza uthenga monga mbale kapena mkuru wa mpingo, napempha kuti muwauze manambala 6 amene abwera pa foni yanu. Mukawauza, alanda WhatsApp yanu, nayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Ciriponso ciboo cacikuru, cimene sicifika kawiri kawiri kwa anthu wamba. M'caka ca 2019 WhatsApp inapeza kuti mafoni a anthu ngati 1,400, ena a iwo olemba nkhani ndi omenyera ufulu wa anthu, analowedwa ndi pulogalamu yozonda yochedwa Pegasus, ya kampani ya NSO Group ya ku Israel, imene igulitsa kwa maboma. Kuimba kokha kunakwanira, ngakhale mwini foni sanayankhe. Pano tiyamikire WhatsApp, pakuti inatseka ciboo, niuza anthuwo, nisumira NSO Group; ndipo m'mwezi wa Disembala 2024 bwalo la ku California linapeza kampani ija yolakwa.

Lamulo la Dziko Lathu

Kodi lamulo lathu litani? M'caka ca 2021 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Data Protection Act, lamulo limene lipatsa munthu ufulu wodziwa cimene kampani isunga ca iye, wokonzetsa colakwika, ndi wopempha kuti zina zifafanizidwe; linaikanso mkuru woyang'anira nkhani zimenezi. Ndi lamulo labwino, ndipo tiyenera kuligwiritsa nchito, makamaka kwa makampani a kuno kwathu amene atenga manambala athu. Koma kusumira kampani ya tsidya la nyanja ndi nchito yolemera, imene boma lingaithe koposa munthu mmodzi.

Tikumbukirenso kuti pakati pa ife ndi kampani paima boma. Pa tsiku la masankho, 12 Ogasiti 2021, WhatsApp, Facebook ndi zina zinatsekedwa m'Zambia muno, kufikira Bwalo Lalikuru la milandu linalamula tsiku lotsatira kuti zitsegulidwe. M'mwezi wa Epulo 2025 anaika malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, m'malo mwa lamulo lina la 2021. Malamulowa alola a boma kumvetsera mauthenga pofufuza milandu, makamaka ndi cilolezo ca bwalo. Boma linati colinga ndi kugwira akuba ndi ozunza ana pa intaneti; ena, monga bungwe la maloya la Law Association of Zambia, anadandaula kuti mphamvuzo zakula koposa. Mbali iri yonse mungaime, nzika yabwino iyenera kudziwa kuti malamulowa alipo.

Tsono Ticite Ciani?

Sindikuuzani kuti mutaye mafoni anu m'Kafue. Ndikupemphani zinthu zisanu zokha.

Coyamba, ikani nambala yotsekera foni yanu, ndipo muphunzitse a kumudzi kucita cimodzimodzi, pakuti kalata iri ndi mbali ziwiri.

Caciwiri, lowani m'makonzedwe a WhatsApp, muike nambala yanu yacinsinsi pa malo ochedwa Two-step verification, mukhomenso kope la makalata anu. Manambala obwera pa foni yanu musauze munthu, angakhale anene kuti ndi mbusa kapena wa ku ofesi.

Cacitatu, m'gulu lalikuru nenani zokhazo zimene munganene pa msonkhano wa poyera. Nkhani ya anthu awiri ikhale ya anthu awiri.

Cacinai, pulogalamu ikapempha kuona buku lanu la manambala, kapena zithunzi, kapena malo amene muli, dzifunseni ngati ifunikadi zimenezo pa nchito yace. Cenjerani makamaka ndi timapulogalamu tobwereketsa ndalama msanga ndi ta masewera a mafunso. M'buku lanu muli manambala a amai anu ndi a alongo anu, amene sanakutumeni kuwapereka.

Cacisanu, ngati muli ndi nkhani yolemera, ya mlandu, ya matenda, kapena ya bungwe la anchito, sankhani wamtengatenga amene asunga zocepa. Ndipo ikalemera koposa, citani monga makolo athu, muisunge kufikira muonane maso ndi maso.

Tsono kwa inu mnzanga amene munafunsa, yankho langa ndi ili. Mau amene muuza amai a kunyumba kwanu pa WhatsApp ayenda okhomedwa, ndipo kampani siwawerenga pa njira. Pa ici mtima wanu ukhale pansi. Koma idziwa kuti mulankhula, ndi nthawi yace, ndi dera limene muli, ndipo cimene idzacita ndi kudziwa kumeneko cisinthika monga asinthika eni ace ndi malamulo a maiko. Mkhulupirireni wamtengatenga uyu monga mukhulupirira dalaivala wa basi amene simumdziwa kwao: mumpatsa bokosi lokhoma, koma cifungulo simumpatsa, ndipo simumuuza zonse za m'nyumba mwanu.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene muli ndi mafunso ena, tilembereni monga mwa masiku onse, ndipo maina anu tidzawasunga. Tsalani bwino nonse, tidzamvananso sabata la mawa pa nthawi yomwe ino.